Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Mwana wa nambala 9998

M'gawo lapitalo ndinasiyira pomwe ndinali nditangoyamba digiri yachiwiri, masana ndili ku ntchito, madzulo ndili m'kalasi. Lero ndikambe za miyezi itatu ya chaka cha 2018 yomwe ndinalimbana ndi laputopu usiku ndi usiku, chifukwa ntchito yomwe ndikudyera lero inabadwira m'miyezi imeneyo.

Kafukufuku wanga anali wa kupinimbira kwa ana, ndipo mutuwu sindinautole panjira. Mng'ono wanga, chitsirizira m'nyumba mwathu, anabadwa wathanzi koma atangosiya kuyamwa anangoima osakula. Amayi ankamubereka kupita naye kusikelo mwezi ndi mwezi, ine ndili pambuyo nditanyamula kadi yake m'kajumbo kuti isanyowe. Alangizi a zaumoyo ankamuveka kabudula wansalu uja, n'kumukoleka pa sikelo yopachikidwa panthambi ya mango, iye akulira miyendo ili lendelende. Akawerenga muvi ankaika kadontho pa kadi. Madontho a ana a anzawo a Amayi ankakwera ngati akukwera phiri. Ake ankangokwawa m'munsi. Ndinali ndi zaka 11, ndipo imeneyo ndiyo galafu yoyamba yomwe ndinaphunzira kuwerenga.

Deta ndinatenga ya Malawi Demographic and Health Survey ya 2015-16, kafukufuku yemwe anachitidwa ndi National Statistical Office ya ku Zomba. Detayi sankaigulitsa. Unkalembetsa pa intaneti, n'kufotokoza chomwe ukufuna kuchita nayo, akakulola unkatsitsa mafayilo. Lipoti lake linali litanena kale kuti ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka 5 ndi opinimbira, kutsika kuchoka pa 47 mu 2010. Aphunzitsi omwe ankandiyang'anira anandiuza mawu amodzi: ndisanayambe zanga, ndiyambe ndapeza 37 yemweyo ndi manja anga. Ndinaganiza kuti ndi ntchito ya madzulo amodzi.

Anzanga ambiri ankagwiritsa ntchito Stata, pulogalamu yosanthulira deta, koma layisensi yake sindikanaikwanitsa, choncho ndinatsata R, yomwe ndi yaulere. Pulogalamuyi anaiyambitsa aphunzitsi awiri a pa yunivesite ya Auckland ku New Zealand, Ross Ihaka ndi Robert Gentleman, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Siili ngati mapulogalamu ongodina batani. Chilichonse umachita kulemba, ndipo ukaiwala kakoma kamodzi imakubwezera mawu ofiira. Masabata oyamba mawu ofiirawo ndinkawaopa kwambiri. Pambuyo pake ndinazindikira kuti choopsa kwenikweni ndi pamene R yakhala chete, yakupatsa yankho mwaulemu, koma yankholo lili labodza.

Zinayamba chonchi. Ndinatsegula fayilo ya ana, yomwe amaitchula KR, n'kupeza kolamu ya hw70. Mmenemo ndi mmene muli msinkhu wa mwana aliyense poyerekeza ndi zaka zake, mogwirizana ndi muyezo womwe World Health Organization inatulutsa mu 2006. Muyezowo unachokera kwa ana oleredwa bwino a m'maiko asanu ndi limodzi: Brazil, Ghana, India, Norway, Oman ndi America. Mwana yemwe ali pa ziro ndiye kuti akukula monga ayenera. Akatsika kupyola −2, ameneyo ndi wopinimbira. M'fayilo manambalawa amasungidwa atachulukitsidwa ndi 100, ndiye −2 amaoneka ngati −200. Izi ndinali nditawerenga. Ndinagawa ndi 100, n'kufunsa avereji.

Yankho linabwera lokoma kwambiri moti silikanakhala loona. Avereji inali pamwamba, ngati kuti ana a ku Malawi akukula bwino popanda vuto lililonse. Chiwerengero cha opinimbira nachonso sichinafike pa 37. Ndinabwereza. Ndinatsitsanso fayilo poganiza kuti inaonongeka panjira. Ndinachotsa R yonse n'kuikanso. Masiku amenewo magetsi ankazimazima, ndiye ndinkadzuka pakati pa usiku akayaka, n'kukhala pamphasa laputopu ili pamiyendo mpaka atambala. Milungu iwiri inatha chonchi. Ndinayamba kudzikayikira, n'kumati mwina sukuluyi si yanga, mwina ndinangolowamo mwamwayi.

Ku ntchito kwathu kunali mayi wina wachikulire yemwe m'mbuyomo ankayenda m'midzi ndi magulu a kafukufuku, kuyeza ana. Ndinkawatchula achemwali. Tsiku lina nthawi ya nkhomaliro anandipeza ndikuyang'ana laputopu, nsima itazizira pambali.

"Iwe, wadwala kapena?"

"Ayi achemwali, manambalawa akundikana."

Anakoka mpando. Sanafunse za code yanga n'komwe. Anangoti, "Waiona nkhope yake detayi? Jambula kaye tione."

Ndinalemba hist() n'kuikamo kolamu ija. Chithunzi chomwe chinatuluka ndimachikumbukirabe. Ana onse anali ataunjikana kumanzere, mulu umodzi wautali wopanikizana pafupi ndi ziro. Kenako panali chipululu, malo aakulu opanda kanthu. Kumapeto kwenikweni kudzanja lamanja, pafupi ndi 100, kunali kamzati kakafupi kokhakokha, koti ukanatha kukayesa fumbi pagalasi.

Achemwali analoza kamzatiko ndi chala. "Ameneyu ndi mwana wa ndani, wotalika chonchi?"

Sanali mwana wamtali. Anali nambala 9998, pamodzi ndi abale ake 9996 ndi 9997. M'mafayilo a kafukufukuyu manambala amenewa si miyezo, ndi zizindikiro. 9996 akutanthauza kuti msinkhu womwe unalembedwa ndi wosatheka, 9997 kuti zaka za mwana sizikumveka, 9998 kuti zonse zitawerengeredwa zotsatira zake zapyola malire, omwe pa msinkhu ndi −6 ndi +6. Ine ndinali nditawagawa ndi 100 ngati ena onse, ndipo R inawalandira monga ana omwe ali pa 99.98. Ochepa okhawo anali okwanira kukoka avereji ya dziko lonse. Choipa china n'chakuti powerenga opinimbira, ana amenewa ankagwera kumbali ya okula bwino, pomwe zoona zake n'zakuti msinkhu wawo sitikuudziwa.

Zomwe anandiuza achemwali pambuyo pake ndi zomwe zinandikhala mumtima kuposa kukonza kwake. Anati ndisaganize kuti 9998 amagwa kuchokera kumwamba. Mwana wosakwana zaka 2 amamuyeza chogona pathabwa. Wina amagwira mutu kuti ugunde kumtunda, wina amakanikiza mawondo kuti miyendo iwongoke, n'kukankha kathabwa ka kumapazi. Mwanayo akuphiriphitha, akulira, amake akuti msiyeni mwana wanga, dzuwa likulowa, pakadali nyumba zina zoti mufike. Woyeza atchula nambala, wolemba amva ina. Kapena kadi ya kusikelo inapsa ndi nyumba, ndipo amake akungokumbukira kuti anabadwa chimanga chikumasula. Mwezi ukaphonyeka, zonse zaphonyeka. "Aliyense wa amenewo ndi mwana weniweni," anatero. "Tinamugwira ndi manja athu. Chomwe tinalephera ndi kumuyeza bwino."

Kukonza kwake kunali mzere umodzi: nambala iliyonse yopitirira 9990 isanduke NA, chizindikiro cha R chonena kuti apa sitikudziwa. Mzere umodzi, pambuyo pa milungu iwiri. Nditajambulanso, mulu uja unatambasuka n'kukhala phiri looneka bwino, ndipo phirilo linali litasunthira kumanzere kwa ziro, lonse lathunthu. Ndinaliyang'ana nthawi yaitali. Sanali ana ochepa okha otsalira. Ana a dziko lonse anali atakankhidwira m'mbuyo.

Komabe 37 sanabwere. Apa vuto linali la masikelo a deta, omwe amawatchula weights. Kafukufukuyu sanatole nyumba mofanana paliponse. Anasankha madera 850, ndipo maboma a anthu ochepa ngati Likoma anapatsidwa nyumba zochulukirapo kusiyana ndi kukula kwawo, kuti nawonso akhale ndi chiwerengero chodalirika. Ukangowerenga mitu osaganizira zimenezi, boma laling'ono limalankhula mokweza kuposa Lilongwe. Kolamu ya v005 ndiyo imabwezeretsa chilungamo, ukaigawa ndi 1,000,000. Ndinaphunzira phukusi la survey lomwe analemba Thomas Lumley, n'kuuza svydesign() za madera, magulu ndi masikelowo. Nambala inayandikira, koma inakana kukhala ndendende.

Kusiyanako kunali kochepa, ndipo mnzanga wina anati ndingokusiya, palibe angaone. Sindinathe. Ndinabwerera ku bukhu lofotokoza mmene manambala a m'lipoti amawerengedwera, n'kuwerenga pang'onopang'ono ngati kalata ya kumudzi. Yankho linali pamenepo. Fayilo ya KR ili ndi ana a amayi okhawo omwe anafunsidwa mafunso. Lipoti limagwiritsa ntchito fayilo ya PR, ya anthu onse a m'nyumba, kolamu ya hc70, ndipo limawerenga mwana aliyense yemwe anagona m'nyumbamo usiku wa dzulo lake. Ndiye kuti fayilo yanga inali itasiya kunja ana amasiye, ana oleredwa ndi agogo, ana omwe amayi awo ali ku Joni kapena m'tauni kukagwira ntchito. Amene anakulira kumudzi akudziwa kuti ana otere ndi angati, ndipo akudziwa kuti mbale ikachepa amayamba kuperewera ndi ndani. Ndinakwiya nditazindikira kuti ndinatsala pang'ono kulemba za njala ya ana ndikusiya kunja ana amenewa, osadziwa n'komwe.

Ndinatsegula PR, n'kuchotsa zizindikiro zija, n'kuika masikelo ake a hv005. Cha m'ma 3 koloko m'mawa, 37 anatuluka. Ndinagwada pamphasa pomwepo n'kupemphera.

Zotsalazo zinali zovuta koma sizinandiwawe chimodzimodzi. Modelo yanga, masamu ofufuzira zomwe zimayendera limodzi ndi kupinimbira, inali ya magawo awiri, mwana ndi dera lomwe akukhala, chifukwa ana a mudzi umodzi amamwa pa chitsime chimodzi ndipo sungawatenge ngati alendo. Ndinagwiritsa ntchito glmer() ya m'phukusi la lme4, ndipo inandichenjeza kuti modelo yalephera kukhazikika, komanso kuti manambala ena ali pa miyezo yosiyana kwambiri. Inkanena zoona. Zaka za mwana zinali miyezi yosapitirira 59, pomwe nambala ya chuma cha pakhomo inali m'masauzande ambirimbiri. Ndinazilinganiza ndi scale(), n'kusintha njira yofufuzira yankho kukhala bobyqa, chenjezo linatha. Panthawiyi ndinali nditaphunzira kuwerenga uthenga wofiira mpaka kumapeto m'malo mouthawa.

Galafu yomaliza inandipusitsanso kamodzi. Ndinkafuna kuonetsa kupinimbira motsata chuma, kuyambira osaukitsitsa mpaka olemera, pogwiritsa ntchito ggplot2, phukusi lojambulira magalafu la Hadley Wickham. Mizati inatuluka yosokonekera, wina wamtali, wina wamfupi, popanda dongosolo. Chifukwa chake chinali chakuti ndinali nditasunga deta m'fayilo ya mtundu wa CSV, ndipo poitsegulanso R inandandalika magulu motsata alifabeti: middle, poorer, poorest, richer, richest. Ulendo uno sindinachedwe. Ndinayang'ana levels(), n'kuona vuto, n'kulemba dongosolo lake ndekha. Mizati inaima ngati masitepe otsika, kuchoka pa 46 pa 100 m'nyumba zosaukitsitsa kufika pa 24 m'nyumba zolemera. Ambiri akaona chithunzichi amayang'ana 46. Ine mpaka lero 24 ndi yemwe amandisowetsa mtendere, chifukwa akusonyeza kuti ngakhale kumene kuli ndalama, mwana mmodzi mwa anayi sakukula mokwanira.

Pa Khirisimasi ya chaka chimenecho ndinapita kumudzi ndi pepala la galafuyo. Amayi anali pakhonde akusankha nyemba. Ndinawafotokozera kuti mzati uliwonse ndi ana, ndipo wautaliwo ndi wa nyumba zonga yathu mmene inalili kale. Anayang'ana osanena kanthu, kenako analowa m'nyumba. Ndinamva akutsegula sutikesi yachitsulo ija ya pansi pa bedi. Anatuluka ndi kadi ya mng'ono wanga, idakali m'kajumbo komwe kaja, m'mbali mwake mutadyedwa ndi njenjete.

"Uyunso unamuwerenga?" anafunsa.

"Ayi Amayi, uyu ndi wa kale. Awa ndi ana a tsopano."

Anaika kadiyo pambali pa pepala langa, n'kutsata madontho aja ndi chala mpaka pomwe anathera. Mwini wake kadiyo anali kuseri kwa nyumba akuwaza nkhuni, ndipo Amayi anamuitana kuti abwere adzaone.