Lachitatu m'chipinda chosokera mabala: lignocaine wa lero ndi wa 2%

Sukulu zatsekera, ndiye mwezi uno wa Ogasiti benchi ya pakhonde imadzaza dzuwa lisanakwere. Ambiri ndi anyamata obwera ku mdulidwe, koma lero panalinso bambo womanga chala ndi kansalu, mwana wa bala pamutu ali kumsana kwa amake, ndi mayi wa chithupsa m'khwapa. Onsewa mankhwala awo ndi amodzi, jakisoni wa dzanzi wotchedwa lignocaine, amene mabotolo ena amalemba kuti lidocaine.

Katoni imene yachokera kosungira mankhwala m'mawa ndi ya 2%. Sabata yatha tinali ndi ya 1%. Botolo ndi la msinkhu womwewo, madzi ake oyera chimodzimodzi, kusiyana kuli pa kanambala kamodzi ka pachikuto. Choncho wodwala woyamba asanalowe, masamu a pabolodi anafufutidwa n'kulembedwanso. Mu 1% muli 10 mg pa 1 ml iliyonse, mu 2% muli 20 mg. Malire a lignocaine wopanda adrenaline (mankhwala ofinya mitsempha ya magazi) amene timatsata ndi 3 mg pa kilogalamu ya thupi, nambala yomwe ili m'buku la mdulidwe la WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse. Mabuku ena amalola mpaka 4.5 mg, koma pamalo opanda chipinda cha odwala kwambiri palibe chifukwa choyendera m'mphepete.

Mnyamata woyamba analemera 48 kg pasikelo. Malire ake ndi 144 mg. Ndi botolo la sabata yatha, imeneyo inali 14.4 ml, ndi la lero ndi 7.2 ml basi. Dzanja lozolowera kudzaza sirinji ya 10 ml likadampatsa 200 mg osadziwa kanthu, ndipo ngozi zambiri za mankhwalawa zimayamba motero, munthu akuwerenga mamililita m'malo mwa mamiligalamu. Tinasungunula: 5 ml ya 2% ndi 5 ml ya madzi a jakisoni, kutuluka 10 ml ya 1%, yonse pamodzi 100 mg. Pa sirinji panamatidwa kapepala kolemba dzina la mankhwala ndi mphamvu yake. Sirinji yopanda kapepala ikapezeka pa tebulo timataya, ngakhale wina atalumbira kuti akudziwa zimene zili m'katimo.

Pa mdulidwe, singano yopyapyala imalowa patsinde pa chokodzera, malo awiri amene pa wotchi akadakhala 11 koloko ndi 1 koloko, 1 kapena 2 ml mbali iliyonse. Otsalawo amazungulizidwa pansi pa khungu kuti minyewa ya kunsi nayonso igwidwe dzanzi. Asanakankhe mankhwala, wobaya amayamba wakoka sirinji pang'ono. Magazi akaoneka, singano ili mu mtsempha kapena m'mnofu wa m'kati wodzaza magazi, ndipo iyenera kusunthidwa. Singano ikangosuntha, amakokanso. Adrenaline pano saloledwa m'pang'ono pomwe, chifukwa amafinya mitsempha, ndipo chiwalo chimene magazi ake amadzera njira yochepa chikhoza kufa. Kenako n'kudikira mphindi 3 mpaka 5, n'kutsina khungu ndi kachitsulo kopanira mbali zonse. Mnyamata ayenera kuuzidwa kuti kukhudza ndi kukoka azimva ndithu, chimene sayenera kumva ndi ululu. Osamuuza, amalumpha pa kukhudza koyamba, wobaya n'kuwonjezera mankhwala osafunika.

Wachitatu pamzere, mnyamata wamkulu thupi, anangoona singano n'kuyamba thukuta, maso kuchita chidima, mtima kugunda pang'onopang'ono. Mankhwala anali asanalowe n'komwe. Anagonekedwa chagada, miyendo m'mwamba, ndipo posakhalitsa anafunsa kuti ali kuti. Kumeneko ndi kukomoka kwa mantha. Mkulu wake amene anamuperekeza anafuna kuti zilembedwe kuti thupi lake limadana ndi jakisoni wa dzanzi, koma kulemba zimenezo n'kumulakwira, chifukwa tsiku lina adzakanizidwa mankhwala abwino pozula dzino. Kudana kwenikweni ndi lignocaine n'kosowa kwambiri, ndipo kumaoneka ndi zidzolo zoyabwa, kutupa milomo, kubanika ndi BP kutsika. Mankhwala ake ndi adrenaline 0.5 mg pantchafu kwa munthu wamkulu, nthawi yomweyo.

Bambo wa chala anali atadzitema ndi chikwanje. Asanabayidwe anafunsidwa kupinda ndi kuwongola chalacho, ndiponso kunena ngati akumva kunsonga, chifukwa dzanzi likalowa simungadziwenso ngati mtsempha wokoka chala kapena minyewa inaduka. Mphete inavulidwa. Patsinde pa chala panalowa 1.5 ml mbali iyi, 1.5 ml mbali inayo. Kuposa apo phindu palibe. Madzi ochuluka pamalo othina amapanikiza mitsempha. Chala chimachedwa kugwira dzanzi, mphindi 5 mpaka 10. Kalamba wodula pa gulovu woletsa magazi anapanidwa ndi kachitsulo kakakulu dala, kuti asaiwalike pansi pa bandeji. Zala zafapo chifukwa cha kalamba koiwalika.

Pa mwana wa bala pamutu m'pomwe masamu anathina. Amake anatulutsa khadi la sikelo, koma kulemera kolembedwamo kunali kwa chaka chatha.

"Amama, kwerani pasikelo muli naye kumsana, kenako mutipatse mwanayo mukwerenso nokha."

Kusiyana kwake kunali 14 kg. Malire ndi 42 mg, kutanthauza 2.1 ml ya botolo la lero, yosakwanira bala lalitali chonchija. Njira yake ndi kusungunula kwambiri: gawo limodzi la 2% ndi magawo atatu a normal saline, madzi a mchere a m'diripi, kutuluka 0.5%, ndiye 42 mg yomweyo ikhala 8.4 ml. Pa khungu, 0.5% imagwira bwinobwino. Pamutu pamatuluka magazi ambiri, ndiye ndi pamalo pamene adrenaline amathandiza. Amachepetsa magazi, amachedwetsa mankhwala kulowa m'thupi, dzanzi limakhalitsa, ndipo malire amakwera kufika 7 mg pa kilogalamu. Ngati botolo losakaniza kale palibe, 0.1 ml ya adrenaline wa 1:1000 (1 mg pa 1 ml), yoyezedwa ndi sirinji ya 1 ml, imathiridwa mu 20 ml ya lignocaine, kutuluka 1:200,000. Wothira kabotolo konse ka 1 ml wachulukitsa mphamvu pafupifupi kakhumi, ndipo mtima wa wodwala udzathamanga koopsa. Kusakaniza kotere kumafuna anthu awiri, wina kuyeza wina kuyang'ana.

Kuti mwana asalire kwambiri, singano inalowera m'mphepete mwa bala momwe mwang'ambika kale, osati kuboola khungu labwino, ndipo mankhwala anakankhidwa mwapang'onopang'ono, sirinji itayamba yafunditsidwa m'manja. Chimene chimawawa kwenikweni ndi kuthamanga kwa madzi ndi asidi wa mankhwalawo, osati singano. Komwe kuli sodium bicarbonate wa 8.4%, 1 ml mu 9 ml ya lignocaine wa 1% amachepetsa kuwotchako.

Chithupsa cha mayi uja sichinatenge nthawi. Mnofu wa mafinya uli ndi asidi wambiri, lignocaine sagwira bwino m'menemo, ndipo kupopera madzi m'chithupsa chothina kale n'kungowonjezera ululu. Anabayidwa mozungulira pa khungu labwino, ndi kamzere kochepa pamwamba podzacheka. Chikakhala chachikulu kapena chakuya, ndi ntchito ya wogonetsa odwala ndi mankhwala ogonetsa a ketamine.

Masana kunabwera uthenga wochokera kwa azamba. Mayi wongobereka kumene ankasokedwa pamene anang'ambika. Azamba anali atasungunula bwino kufika 0.5%, imene malire ake kwa munthu wamkulu ndi 40 ml, ndiye 200 mg, ndipo anali asanafike ndi theka lomwe. Koma mayiyo anati, "Asisita, m'makutu mukulira, ndipo m'kamwa mukumveka ngati ndabwira ndalama yachitsulo." Azamba anachotsa singano pomwepo, n'kuitana anzawo, n'kumuika pa okosijeni. Diripi inali kale pamkono. Ankamulankhulitsa osalekeza uku akuyeza BP ndi kugunda kwa mtima, ndipo patapita mphindi zingapo kulira kwa m'makutu kunatha. Kusokako kunamalizidwa ndi dzanzi lomwe linalipo, osawonjezera.

Apa m'pofunika kumvetsa. Mayiyu sanapyole malire. Njira yoberekera ikangotha ntchito, mitsempha yake imakhala yotupa ndi yambiri, ndipo pang'ono pokha polowa mwachindunji m'magazi n'pokwanira kufika ku ubongo. Kukoka sirinji kumathandiza koma sikugwira zonse, chifukwa kamtsempha kakang'ono kamatha kufwafwanizika pokoka, magazi osaoneka. N'chifukwa chake mankhwala amaperekedwa pang'onopang'ono, 3 mpaka 5 ml n'kupumira, ndipo wodwala azilankhula. Amene anapulumutsa zinthu lero ndi mayi amene anali maso n'kunena, ndi azamba amene anamvera.

Zizindikiro za poizoni wa mankhwalawa zimayamba ndi dzanzi pamilomo ndi lilime, kukoma kwa chitsulo, kulira m'makutu, chizungulire, kulankhula mokoka kapena zosamveka, minofu ya kumaso kuphiriphitha. Zikapitirira, munthu amagwa khunyu, n'kukomoka, kupuma kuleka, mtima kusokonezeka mpaka kuima. Si nthawi zonse zimatsata mndandanda. Bupivacaine, mankhwala enanso a dzanzi, makamaka amatha kugwetsa mtima popanda chenjezo, chifukwa amamatirira pa mnofu wa mtima n'kuchedwa kuchokapo. Malire ake ndi 2 mg pa kilogalamu, ndipo mu 0.5% muli 5 mg pa 1 ml. Mukasakaniza bupivacaine ndi lignocaine, poizoni wake amaphatikizana. Theka la malire a uyu ndi theka la malire a winayo ndiye kuti mwafika pamapeto. Okalamba, owonda kwambiri, amayi apakati, ndi a matenda a chiwindi kapena mtima amafunika ochepera malirewo, pakuti chiwindi ndicho chimaphwanya mankhwalawa.

Zikavuta, choyamba ndi mpweya. Okosijeni wathunthu, ndi kumupumitsa ndi thumba ngati sakupuma bwino, chifukwa kuperewera kwa mpweya ndi kuchuluka kwa asidi m'magazi kumakulitsa poizoni pa mtima. Khunyu limathetsedwa ndi diazepam 5 mpaka 10 mg mu mtsempha mwapang'onopang'ono, kapena midazolam. Mankhwala enieni ndi mafuta oyera a lipid emulsion 20%, amene dokotala wa ku America Guy Weinberg anaonetsa mphamvu yake pa makoswe mu 1998, ndipo munthu woyamba kupulumuka nawo analembedwa mu 2006. Muyezo wake ndi 1.5 ml pa kilogalamu nthawi imodzi, pafupifupi 100 ml kwa munthu wa 70 kg, kenako diripi ya 15 ml pa kilogalamu pa ola. Muyezo woyambawo ungabwerezedwe kawiri motalikitsa mphindi 5, koma zonse pamodzi zisapyole 12 ml pa kilogalamu. Propofol, mankhwala ogonetsera, ndi woyera mofanana koma salowa m'malo mwake, amangofooketsa mtima. Lignocaine amene nthawi zina amaperekedwa pa mtima wosokonezeka, pano ndi woletsedwa. Mtima ukaima, kupopa pachifuwa kusalekedwe msanga, kumatha kupitirira ola munthu n'kudzuka. Si chipatala chilichonse chili ndi mafuta amenewa, ndipo kuchokera ku Lundazi kufika ku Chipata, komwe kuli chipatala chachikulu, ndi pafupifupi makilomita 180. Aliyense wogwira sirinji ya dzanzi ayenera kudziwiratu ngati alipo pamalo pake, ndi kabati imene ali.

Madzulo kunali opaleshoni yochotsa mwana, ya jakisoni wa pamsana. Mayi anakhala tsonga atawerama, singano yopyapyala ya 25G inalowa pakati pa fupa lachitatu ndi lachinayi la m'chiuno, molingana ndi nsonga za mafupa a m'mbali, ndipo madzi oyera a mumsana ataoneka panalowa 2 ml ya heavy bupivacaine 0.5%, ndiye 10 mg. Botolo lotungamo kambirimbiri silifika pamsana, chifukwa muli mankhwala oteteza kuwonongeka, komanso ukhondo wake sungatsimikizike. Kabotolo kanawerengedwa mokweza ndi anthu awiri kasanathyoledwe. Mwambo umenewu uli ndi chifukwa chake: tranexamic acid, wothandiza mayi wotaya magazi akabereka, amabwera m'kabotolo kofanana kwambiri ndi ka bupivacaine, ndipo akalowa pamsana amabweretsa ululu woopsa, khunyu, kusokonezeka kwa mtima, nthawi zambiri imfa. WHO inachenjeza za kusokoneza kumeneku mu 2022. Awiriwa asamakhale m'dilowa imodzi.

Atagonekedwa, chiuno cha kumanja chinatsamiritsidwa kuti mimba ipendekere kumanzere, isapanikize mitsempha ikuluikulu ya kumsana. BP imayezedwa mphindi iliyonse kapena ziwiri mpaka mwana atatuluka. Mayi atanena kuti akumva nseru, wogonetsa sanadikire makina, anapereka ephedrine 6 mg wokweza BP n'kutsegula diripi, pakuti nseru panthawi imeneyi kawirikawiri ndi BP yotsika. Mpeni usanakhudze, dzanzi linayesedwa ndi thonje la sipiriti mpaka pa mzere wa mawere. Dzanzi likakwera mpaka manja kufooka ndi mawu kuchepa, lapyola, ndipo zopumitsira ziyenera kukhala pafupi kuyambira pachiyambi.

Kwa ogwira usiku kwasiyidwa izi. Pa fayilo ya mayi wa kwa azamba palembedwa mamiligalamu onse amene analandira ndi nthawi yake, kuti wina asamuwonjezere usiku uno. Mayi wa opaleshoni alandire paracetamol 1 g dzanzi lisanathe, asadzuke yekha miyendo isanalimbe, ndipo mkodzo uziyang'aniridwa. Pakatha maola 4 chibayidwireni ayenera kutha kunyamula mwendo uli wowongoka. Akalephera, wogonetsa aitanidwe usiku womwewo. Mutu wopweteka akakhala tsonga n'kuleka akagona, umene umabwera pakapita tsiku limodzi kapena awiri, unenedwenso kwa wogonetsa.