Achimwene atuluka, zikomo abale anga

Abale a kuno ku Joni ndi akumudzi, achimwene agona panyumba usiku wathawu. Majaji awiri a High Court ya Johannesburg afafaniza chigamulo chija chowapeza olakwa pa mlandu wakupha. Ambuye alemekezeke. Thupi latopa koma sindingagone osathokoza.

Ndiyambe ndi amayi athu a Mvano a ku Rosettenville, omwe akana kuti ndilembe dzina lawo. Tsiku lachigamulo choyamba chija tonse tikulira panja pa khoti, iwo anandikokera pambali nkundiuza kuti ndipukute misozi, chifukwa masiku opemphera chilolezo cha apilo ndi 14 okha. M'mawa mwake anandiperekeza ku Legal Aid, kwa maloya othandiza anthu osakwanitsa kulipira. Mukudziwa nonse kuti ntchito ya m'nyumba ukajomba amakudula malipiro, koma anapita.

Ndiwonso anauza loya zomwe anamva ndi makutu awo, kuti womasulira ankasakaniza Chishona ndipo achimwene ankangogwedeza mutu pa zinthu zomwe sanamve. Chonsecho gawo 35 la malamulo aakulu a dziko lino limati munthu aweruzidwe m'chiyankhulo chomwe akumva, apo ayi amumasulire. Loya atawerenga zolembedwa za mlandu anapezanso china chachikulu. Kuno kulibe jury (gulu la anthu wamba ogamula mlandu), anaithetsa mu 1969, koma pa nthawi ya mlandu wa achimwene lamulo linkati mlandu wakupha ukamazengedwa ku regional court majisitireti ayenera kukhala ndi anthu awiri omuthandiza kuweruza, pokhapokha woimbidwa mlandu atapempha yekha kuti asakhalepo. Achimwene palibe anawafunsa. Khoti lalikulu la apilo ku Bloemfontein linagamula kale mu 2016, pa mlandu wa Gayiya, kuti zikatero chigamulo sichingaime. Loya wathu, Mulungu akuonjezereni nzeru.

Zikomo a chipereganyu chathu posonkha ya thiransipoti, ndi achinyamata a kwaya omwe munkandiperekeza ku ndende ya Sun City kukaima pa mzere. Amalume ku Dedza, zikomo powasunga amayi mtima uli m'malo. Ena aja munasiya kuyankha foni poopa kuti mlandu ungakupakeni, tinakuonani. Munkadya nafe nsima achimwene akulandira bwino.

Koma amayi a Mvano aja, ine ndilibe mawu. Lendi itandivuta anandigoneka pabalaza pawo. Nditafuna kungosiya zonse nkukwera basi ya kumudzi, anandilanda chikwama. Si mbale wathu, kwawo ndi ku Mulanje, tinangodziwana kutchalitchi. Amayi, Mulungu akusungireni ana anu monga mwasungira ife.

Loya watichenjeza kuti boma likhoza kuuyambitsanso mlanduwu, ndiye musaleke kupemphera. Mupempherere ndi banja la malemu, chifukwa iwo akadali pa chisoni ndipo chilungamo akuchifunanso. Achimwene awonda kwambiri ndipo sakufuna phokoso, choncho ofuna kudzawaona yambani mwandiimbira. Lamulungu likubwerali tidzakhala kutchalitchi kukapereka chothokoza, ndipo amayi aja ndawapempha kuti adzakhale nafe kutsogolo ngakhale akukanabe.