Emmons kapena Day, sankhani ndi bondo lomwe

Anzanga oimba pedal steel (gitala yogoneka ya mapedulo, yoimbidwa ndi chitsulo chotsetsereka pa nsambo), mkangano wa kandandidwe ka mapedulo pakati pa njira ya Emmons ndi ya Day, akatswiri awiri a gitalayi, tiziukamba poyang'ana mwendo wonse wakumanzere, osangoti phazi lokha ayi.

Pa kachunidwe ka nsambo kotchedwa E9, pedulo A imakweza nsambo ya 5 ndi ya 10 kuchoka pa B kufika pa C#. Pedulo B imakweza ya 3 ndi ya 6 kuchoka pa G# kufika pa A. Mukaponda zonse ziwiri, chord ya E yasanduka ya A chitsulo chili pomwepo. Buddy Emmons ankandanda mapedulo atatu A, B, C kuyambira kumanzere, pomwe Jimmy Day ankayambira ku C. Nsambo zimalira chimodzimodzi, chosiyana ndi mbali yomwe phazi limapendekera mukamasiya pedulo A mutagwirabe B.

Chimene chimandiwawa n'choti ena amatembenuza mapedulo n'kusiya zokankha ndi bondo (nazo zimakweza kapena kutsitsa nsambo) momwe zinalili. Chokweza E kufika pa F chimayenda limodzi ndi pedulo A, chotsitsa E kufika pa D# chimakondana ndi pedulo B. Phazi likapendekera kumanzere, bondo nalo limafuna komweko. Ndiye mukazisemphanitsa, mwendo umalimbana wokha, nyimbo n'kumatuluka mokakamiza.

Ine ndili kwa Emmons, chifukwa maphunziro ambiri olembedwa amatsata dongosolo limenelo. Koma ngati akakolo anu amapinda bwino mbali inayo, musadzizunze, pitani kwa Day.

Kutalika kwa mapedulo nako kuchunidwe mutavala nsapato zomwe mumaimbira, chidendene chili pansi, kuti A ndi B zizifika pothera nthawi imodzi osakhudza C.