Kambalame ka miyendo yachikasu ku Kachulu

Sabata yathayi ndinali ku nyanja ya Chilwa kuwerenga mbalame za m'madzi, ntchito imene timagwira Januwale aliyense. Lolemba lonse linathera pamsewu, pakuti kuchoka ku Zomba mpaka padoko la Kachulu mvula itachezera usiku si masewera. Lachiwiri m'mawa tinakwera bwato, ine ndi mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchitoyi, mwini bwato akukankha ndi nsungwi pakati pa njedza.

Akakowa ndi atsekwe savuta. Chimene chimapweteketsa mutu ndi timbalame tam'matope tothawa chisanu cha kumpoto kwa Ulaya ndi Siberia. Kwawoko, nyengo yoswa, timakhala ndi nthenga zofiirira zosiyana bwino, koma kuno timafika titasintha nthenga, tonse totuwa ngati phulusa.

Lachitatu masana, tili pamatope moyang'anana ndi chilumba cha Chisi, mnyamata uja anandikoka malaya. "Akulu, tabwerani muone, miyendo yachikasu!" Mu telesikopu munali kambalame kosapitirira masentimita 15, kakujompha pakati pa gulu la ma Little Stint, mtundu umodzi wa timbalame tam'matope tija. Amenewa ndi ambiri kuno ndipo miyendo yawo ndi yakuda. Wa miyendo yachikasu mobiriwira ndi Temminck's Stint, amene nthawi zambiri amathera kumpoto kwa ikweta. Kum'mwera kuno kumuona ndi mwayi wa nzama. Mtima wanga nawonso unagunda, ndisaname.

Koma matope a Chilwa ndimawadziwa. Akauma pamwendo amayera, ndipo dzuwa likawomba amanamiza maso. Ndinamuuza kuti miyendo aisiye kaye, ayang'ane msana. Temminck's m'nyengo ino amakhala ndi msana wamtundu umodzi, wotuwa mofiirira ngati wopaka, ndipo pachidali pamadutsa chibamba chotuwa chokhala ngati wavala bibu. Kathuka ayi: nthenga iliyonse yapamsana inali ndi kamzere kakuda pakati, chidali chili mbee, kutuwa kuli m'mbali mokha. Kayendedwe nakonso kanali kothamangathamanga poyera, pomwe Temminck's amakonda kunyang'ama wekha m'mphepete mwa udzu.

Mnyamatayo sanakhutire. "Nanga miyendoyo, akulu?" Ndinati tidikire kauluke, tione mchira. Temminck's akadzidzimuka amakwera m'mwamba molunjika akulira "tirrr", nthenga za m'mbali mwa mchira zili zoyera kwambiri. Tinadikira mpaka udzudzu unatithamangitsa.

Lachinayi tinamalizitsa chigawo china, n'kudya nsima ya matemba kwa asodzi. Mmodzi mwa iwo anatiseka kuti tikuvutikiranji ndi kambalame kosadzaza n'kamwa komwe.

Lachisanu tinabwerera pomwe paja, ndipo tinakapeza pafupi ndi chithaphwi cha madzi a mvula. Cha m'ma 9 koloko kanalowamo, n'kusamba, n'kudzikung'untha. Potuluka miyendo inali bii ngati makala. Kabawi atadutsa gulu lonse linabalalika, kathuka kakulira "tit-tit", m'mbali mwa mchira muli motuwa.

Pafomu tinangowonjezera 1 pa mzere wa Little Stint. Mnyamatayo anakhala chete mpaka ku Kachulu, kenako anandibwereka kope langa kuti akakopere chithunzi cha nthenga yapamsana chimene ndinajambula Lachitatu.