Kulapa mbuzi ya mnzako idakali m'khola mwako

Pa msonkhano wa chitsitsimutso mlaliki akaitana ofuna kulapa, anthu amapita kutsogolo ambirimbiri, ena misozi ili chuchuchu. Amawapempherera, kwaya n'kuimba, aliyense n'kubwerera kwawo mtima uli myaa. Koma pakati pawo pamakhala munthu amene mbuzi ya mnzake idakali m'khola mwake, wina amene akulimabe mizere isanu ya munda wa mayi wamasiye ngati yake, winanso amene anatcha agogo a pamudzi mfiti ndipo mpaka lero agogowo satunga madzi pamjigo limodzi ndi anzawo. Anthu otere ayamba kulapa koma sanamalize. Gawo latsalalo, lobweza chimene analanda, alaliki ambiri kuno kuchigwa cha Shire amalidumpha, chifukwa ndi lowawa ndipo limafuna masamu.

Kubweza chimene unalanda sikugula chikhululukiro. Akatolika, a CCAP ndi a Pentekosite onse amavomereza kuti tchimo limalakwira Mulungu choyamba, ndipo chimene chimalichotsa ndi imfa ya Khristu, osati thumba la chimanga. Davide anatenga mkazi wa Uriya n'kuphetsa mwini wakeyo kunkhondo, komabe mu Salimo 51 akuti amene wamuchimwira ndi Mulungu. Aefeso 2:8-9 akunena poyera kuti chipulumutso ndi mphatso. Kwa Zakeyu nako, Yesu anayamba walowa m'nyumba, nkhani ya kubweza inabwera pambuyo pake. Komatu inabweradi, tsiku lomwelo, ndi manambala omwe: theka la chuma kwa osauka, ndi kubweza kanayi kwa aliyense amene anamubera (Luka 19:8). Pa Mateyu 5:23-24 Ambuye akuti amene wakumbukira ali paguwa kuti m'bale wake ali naye chifukwa, asiye mphatsoyo pomwepo, akayanjane naye kaye. Sanati akapereke kenako akaganizire.

Nanga abweze zingati? Levitiko 6:1-7 akutchula milandu imene timaidziwa bwino: kukana chinthu chimene mnzako anakusungitsa, kudya chikole, kulanda, kutola chotayika n'kunama kuti sunachione. Wolakwayo abweze chinthu chonsecho, awonjezepo limodzi la magawo asanu, ndipo apereke kwa mwini wake tsiku lomwe akupereka nsembe yake. Ndiye kuti thumba la makilogalamu 50 libwerere ngati makilogalamu 60, K100,000 ibwerere ngati K120,000, mbuzi zisanu zibwerere zisanu ndi imodzi. Yerekezani ndi Eksodo 22:1-4, pamene mbala yachita kugwidwa. Ngati yapha kapena kugulitsa ng'ombe, ilipe ng'ombe zisanu. Pa nkhosa imodzi, zinayi. Chiwetocho chikapezeka chamoyo, ilipe ziwiri. Wobwera yekha amalipa zochepa kwambiri kuposa wogwidwa. Akhristu sitili pansi pa malamulowa ngati a boma, koma akutipatsa muyeso, ndipo munthu wopanda muyeso amadzichepetsera ngongole nthawi zonse.

Pali msampha wa ndalama umene ambiri amagwamo mosazindikira. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene anadya ndalama ya mbuzi ya mnzake mu 2020 n'kumubwezera lero nambala yomweyo ya makwacha, wabweza mwina mwendo umodzi wa mbuziyo. Bwezani chinthu chenichenicho, kapena mtengo wake wa lero pamsika wa Ngabu kapena wa Bangula, umene nonse awiri mungathe kukaufunsa. Ngati inali mbuzi yaikazi ndipo yaswa ili m'khola mwanu, anawo ndi a mwini wake. Za msipu ndi kubusa kwa zaka zimenezo musazitchule n'komwe, palibe anakutumani.

Ng'ombe zikalowa m'dimba la wina, Eksodo 22:5 akuti mwini ziweto alipe kuchokera pa zokolola zabwino koposa za m'munda mwake. Zabwino koposa, osati mapira ofumbwa a chaka chatha. Ndime yotsatira ikunena za moto umene wathawa n'kutentha za wina, ndipo aliyense wotentha tchire posaka mbewa mwezi wa Seputembala akuyenera kuiwerenga. Kukankhira mlandu kwa kamnyamata kobusa sikuthandiza, popeza ziwetozo ndi zanu.

Nkhani ya malire ndiyo yovuta zedi kwathu kuno. Madzi osefukira a Januwale 2015, ndiponso a namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, anasiya mchenga ndi matope m'minda yambiri ya m'mbali mwa Shire ndi Ruo. Mitengo ndi zulu zimene zinali zizindikiro zinakokoloka kapena kukwiririka. Eni minda ena anali m'misasa miyezi ingapo, ndipo amene anafulumira kubwerera ndi khasu ndiye anajambula malire atsopano. Palibe anamuona, ndipo iye mwini amadziuza kuti madzi ndiwo anasuntha. Deuteronomo 27:17 akuika temberero pa wosuntha malire a mnansi wake, ndipo Miyambo 23:10-11 ikuchenjeza makamaka za munda wa ana amasiye. Wofuna kukonza zimenezi asazichite awiriwiri usiku. Apite kwa anyakwawa, aitanitse eni minda yonse yoyandikana ndi akuluakulu amene amakumbukira pamene panali malire, ayende nawo m'mundamo, ndipo pamzere umene agwirizana abzalepo chinthu chokhalitsa, monga nimu kapena udzu wa vetiva. Chimene ambiri amaiwala ndi zokolola. Ngati chigawocho chimatulutsa matumba awiri ndipo mwachilima nyengo zitatu, ngongole ndi matumba asanu ndi limodzi, kuchotsapo mbewu ndi ganyu ngati mwini wake wavomera. Akhoza kunena kuti zakalezo zisiyeni. Mawu amenewo atuluke pakamwa pake. Inu simungadzikhululukire ngongole ya mwini.

Chimodzimodzi amene anatenga malata, njinga kapena ng'ombe za m'bale wawo womwalira, mkazi ndi ana n'kutsala manja ali m'khosi. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 linaika kulanda kotere pa milandu yolangika, choncho wobweza mwakufuna kwake akudzithandizanso yekha.

Mwini wake akamwalira ngongole siifa naye, pajatu mlandu suwola. Numeri 5:5-8 akuti zipite kwa wachibale wake, ndipo ngati palibe wachibale ndi pamene zimapita kwa Ambuye. Ndondomeko imeneyi isatembenuzidwe. Munthu amene anabera wamoyo, wodziwika, wokhala mudzi wachiwiri, n'kukaponya ndalamazo m'mbale ya chopereka kapena kugulira abusa suti, sanabweze kanthu. Wangoba kachiwiri, ulendo uno n'kuomberedwa m'manja. M'busa wozindikira azikane. Njira yopereka kwa osauka imatseguka pokhapokha eni ake asakudziwika, monga wogulitsa pamsika amene kwa zaka wakhala akugwiritsa sikelo yonyenga kapena mbale yophwanyidwa kunsi, kapena amene analembetsa mayina abodza pa chimanga cha chithandizo. Otere awerengetse moona mtima, apereke mwakachetechete kwa okalamba ndi amasiye a dera lomwelo, sikeloyo aitaye. Ngati akudziwa banja limene linachotsedwa pa mndandanda kuti dzina labodza lilowe, thumbalo lipite kubanja limenelo. Wa katapila abweze chiwongoladzanja chopyola muyeso, ndiponso khadi la ku banki kapena chiphaso chimene anagwira ngati chikole. Wolemba aganyu amene sanawalipire awerenge Yakobo 5:4.

Kapitidwe kake nako kali ndi nzeru zake. Yambani ndi Mulungu, kutchula tchimolo ndi dzina lake (1 Yohane 1:9). Kenako musapite nokha. Tengani mkulu wa mpingo kapena munthu amene mbali zonse zimamulemekeza, ndipo mutumize uthenga kaye kuti musamudzidzimutse mwini nyumba. Mukakhala pansi, mawu akhale achidule: "Bambo, mbuzi yanu imene inasowa chaka cha dzana ndinatenga ndine. Ndinalakwa. Ndabwera nayo pamodzi ndi ana ake awiri. Ndikupempha mundikhululukire." Mawu amene amawononga zonse ndi atatu: "ngati ndinakulakwirani", "Satana ndiye anandinyenga", ndi "komanso inu". Mfumu Sauli anavomera kuti wachimwa, koma anakankhira kwa anthu amene ankawaopa, n'kupemphanso Samueli kuti amulemekeze pamaso pa akuluakulu (1 Samueli 15:24-30). Ufumu unamuchokera ndithu.

Ngati simungathe kubweza zonse kamodzi, perekani gawo loyamba tsiku lomwelo, ngakhale lochepa, chifukwa lonjezo lopanda kanthu m'manja anthu analimva kale. Zotsalazo zilembedwe papepala, ndi masiku ogwirizana ndi nthawi imene mumapezadi ndalama: pogulitsa thonje, pokolola za kudimba, kapena kumapeto kwa mwezi kwa ogwira ntchito m'minda ya nzimbe ku Nchalo. Mboni ziwiri zisayine. Kutumiza pa Airtel Money kapena Mpamba kumathandiza chifukwa uthenga umatsala mbali zonse. Osakatenga katapila kuti mubweze msanga.

Pali nthawi imene kudziulula pamaso kungathe kuphetsa munthu. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje kuno tikudziwa zimene gulu lokwiya limachita ndi woganiziridwa kuba ng'ombe. Chiphunzitso cha Katolika chimalola kubweza mobisa kudzera mwa munthu wina, ndipo nzeru imeneyi ndi yothandiza mpingo uliwonse. Katunduyo afike kwa mwini wake kudzera kwa abusa, bambo mfumu kapena apolisi. Koma ngati pali munthu wosalakwa amene anamenyedwa kapena kumangidwa pa mlandu wanuwo, kubisala kwatha. Ayenera kuyeretsedwa, ndipo ndi inu nokha mungamuyeretse.

Mbiri ya munthu imabwezedwa pamalo pamene inaonongedwera. Amene ananena pamaliro kuti uje ndi mfiti sangapepese kuseri kwa nyumba. Abweze mawuwo pabwalo la amfumu, anthu omwe aja akumva. Amene analemba pa gulu la WhatsApp alembenso pa gulu lomwelo, osati kungofufuta. Ndipo adziwe kuti lamulo la 1911 lokhudza ufiti limaletsa kutcha munthu mfiti.

Machimo ena alibe chobweza. Pa chigololo, chimene chilipo ndi kudula ubalewo lero, kufufuta nambala, kukayezetsa HIV musanakhalirenso malo amodzi ndi mnzanu wa m'banja, ndi kumuuza zoona pamaso pa ankhoswe kapena mlangizi wokhwima. Ngati panabadwa mwana, chakudya ndi sukulu yake ndi udindo wanu mpaka akule. Musakaime kutsogolo kwa mpingo n'kupereka umboni wotchula dzina la mkazi wa mwini. Kumeneko ndi kudzipeputsa mtima pophwanya banja lachiwiri. Yakobo 5:16 akunena za kuululirana kuti mupemphererane, osati kusangalatsa khamu. Kugwirira mwana ndi nkhani ina kotheratu. Sithera kubwalo la mpingo, sithera pa mbuzi yolipa kwa makolo. Mwanayo apite kuchipatala asanathe maola 72 kuti alandire mankhwala oteteza ku HIV, ndipo wolapa weniweni akadzipereke yekha kupolisi. Atsogoleri amene amakwirira mlandu wotere poteteza dzina la mpingo nawonso ali ndi cholapa.

Mipingo ili ndi makomo osiyana olowera. Mkatolika amadzifufuza mumtima, kumva chisoni, kutsimikiza kuleka, kuulula kwa wansembe ndi kuchita zimene wapatsidwa, ndipo kuyambira pa msonkhano waukulu wa mabishopu wa Lateran wa 1215 lamulo ndi lakuti aulule kosachepera kamodzi pachaka. Wansembe saloledwa kutulutsa chimene wamva, zivute zitani. Ku CCAP mlandu wodziwika umapita kubwalo la akulu a mpingo, munthu amaimitsidwa kudya Mgonero, amalangizidwa, kenako n'kubwezedwa. Konseku chimene chimalakwika ndi chimodzi. Munthu amangodikira kuti miyezi yake ikwane, kapena amanena mapemphero amene wapatsidwa, ndipo palibe womufunsa ngati wolakwiridwa uja waona kanthu. Akulu a mpingo azifunsa funso limeneli asanabweze munthu pa Mgonero.

Kulinso ngozi ya mbali inayo. Yudasi anabweza ndalama zonse 30 zasiliva, anavomera kuti wapereka munthu wosalakwa, koma sanabwerere kwa Ambuye, ndipo anakadzimangirira (Mateyu 27:3-5). Ichi ndi chisoni chimene 2 Akorinto 7:10 akuti chimabala imfa. Munthu amene waulula chinthu chachikulu n'kuyamba kunena kuti kuli bwino angofa, asasiyidwe yekha masiku amenewo, ndipo mankhwala a thonje achotsedwe m'nyumbamo kuti angamwe.

Wolakwiridwa akhoza kukana. Akhoza kutukwana, kukuthamangitsani, kapena kukasuma, ndipo ali ndi ufulu wotero. Aroma 12:18 akuti tikhale mwamtendere ndi anthu onse monga momwe tingathere kumbali yathu, ndipo mbali yake si yanu. Musamutumizire mavesi a kukhululuka, musamuitanire kwaya pakhomo. Siyani katunduyo m'manja mwa anyakwawa kapena mboni imene munapita nayo, iuzidwe kuti mwini wake akhoza kudzatenga tsiku lililonse. Ngati ndi chiweto, gwirizanani amene azichisunga, ndipo zolipira wosungayo zichokere m'thumba mwanu.