Ndinakafuna Mlatho wa Bambo Anga ku Kanchanaburi

Bambo anga akamameta ndevu pakhonde m'mawa, kagalasi atakatsamiritsa pazenera, ankaimba mluzu wa nyimbo imodzimodzi tsiku ndi tsiku. Ndinakula ndikuganiza kuti anaipeka okha. Ndinadzadziwira mu video show ina ku Ndirande, titathithikana pa benchi, kuti ndi ya mu The Bridge on the River Kwai, filimu ya 1957, pamene akaidi a ku Britain amalowa mumsasa wa Ajapani nsapato zitatha koma akuguba ndi mluzu. Mafilimu akale a nkhondo ndimawakonda, The Guns of Navarone, The Great Escape, koma iyiyi ndiye ndaionera kosawerengeka. Ndiye nditapezeka ku Bangkok pa zantchito, n'kupatsidwa masiku awiri opuma, sindinachite kufunsa munthu kopita: ku Kanchanaburi, tawuni imene kuli mlatho wa pa mtsinje wa Kwai.

Sitima yake imakwereredwa pa siteshoni ya Thonburi. Mipando ndi yolimba, mazenera ali pululu, mafani akuzungulira kudenga koma thukuta osaleka. Ulendo ndi wa maola pafupifupi atatu. Bambo wina amene tinakhala moyang'anizana anandifunsa kumene ndikupita, ine n'kuyankha monyadira kuti "Kwai." Anaseka mpaka kugwira m'mimba. Mmene ndinatchuliramo, m'chinenero chawo ndinali nditanena kuti njati. Mtsinjewo ndi Khwae. Chinanso, pa nthawi ya nkhondo mtsinje wodutsa pansi pa mlathowo unkatchedwa Mae Klong. Anachita kuusintha dzina m'zaka za m'ma 1960 kukhala Khwae Yai, alendo oonera filimu atayamba kukhamukirako. Mtsinje wathunthu kusinthidwa dzina chifukwa cha kanema!

Nditatsika ndinaima kaye kukamwa yasa. Mlatho wa m'mutu mwanga unali wa mitengo, wautali, uli m'kati mwa nkhalango. Umene ndinaupeza ndi wachitsulo chakuda, wokhala pa zipilala za simenti, m'mphepete mwa tawuni, mozungulira muli misika ya zipewa ndi madzi a kokonati. Anthu amayenda pamwamba pake akujambulana, ndipo sitima ikamabwera pang'onopang'ono ikuliza hutala, aliyense amathawira pa timakhonde tam'mbali. Mukauyang'anitsitsa muona kuti zigawo zambiri ndi zokhota ngati uta, koma ziwiri zapakati ndi zamakona. Zokhotazo ndi zakale, Ajapani anazitenga ku Java. Zamakonazo anaikapo nkhondo itatha, m'malo mwa zimene ndege zinaphulitsa mu 1945. Ndege, osati asilikali ozembera usiku ndi mawaya monga m'filimu muja. Ndipo David Lean, amene anatsogolera kujambula filimuyi, sanajambulire kuno n'komwe. Mlatho wake anaumanga ku Kitulgala, ku Ceylon, kumene lero timati Sri Lanka, n'kuuphulitsa komweko sitima ili pamwamba.

Kunena zoona ndinakhumudwa. Koma chimene chinandikhazika pansi ndi manda a asilikali, pafupi ndi siteshoni ya m'tawuni. Muli manda pafupifupi 7,000, a Angerezi, a ku Australia ndi Adatchi, udzu wometedwa bwino, timiyala tating'ono m'mizere yowongoka. Ndinayenda mzere umodzi wokha ndikuwerenga zaka: 22, 24, 21, 30. Mayi wina wogwira ntchito pamenepo, atadziphimba nkhope ndi nsalu chifukwa cha dzuwa, ankazula udzu ndi zala kuzungulira mwala uliwonse. Njanji imeneyi, ya makilomita 415 kuchoka ku Thailand kukafika ku Burma, inamangidwa mu 1942 ndi 1943, ndipo inadya akaidi a nkhondo oposa 12,000 ndi kolera, malungo, kamwazi, njala ndi zikwapu. Koma anthu wamba a ku Asia komweko amene anagwiritsidwa ntchito mokakamiza, Atamil, Amalay, a ku Burma ndi a ku Java, anafa ochuluka kuposa pamenepo, ena amati 90,000. Amenewo alibe timiyala ta mayina. M'filimu namonso nkhani yawo mulibe.

Apa ndinakumbukira chifukwa chimene bambo ankaikondera filimuyi. Malume awo anali m'gulu la asilikali a KAR (King's African Rifles) ochokera ku Nyasaland amene anakamenyana ndi Ajapani ku Burma mu 1944. Bambo ankati nkhalango imene ija ndi yomwe malume anaiona. Ankaonera Alec Guinness, wosewera ngati Nicholson mkulu wa akaidi, akulimbana ndi Sessue Hayakawa, wosewera ngati mkulu wa Ajapani pamsasapo, koma maso ali pa mitengo ndi matope.

Alec Guinness ndimamuvulirabe chipewa. Mmene amatulukira m'kachipinda ka malata kamene Ajapani anamutsekeramo, miyendo ikunjenjemera koma mutu uli m'mwamba, mphoto ya Oscar ija anaiyenera, ndipo filimu yonse inatenga mphoto 7 zoterezi. Koma ambiri amene anapulumuka pa njanjiyi sanakondwe nayo. Mkulu weniweni wa akaidi pamsasa wa pamlathowu, Philip Toosey, sanali wotengeka ndi kumangira adani mlatho wokongola ngati Nicholson wa m'filimu. Nkhawa yake inali yoti anthu ake akhale ndi moyo.

Mawa lake ndinapitirira ndi sitima yomweyo kulowera ku Nam Tok. Pa Tham Krasae njanji imadutsa pa mlatho wa mitengo womata kuphompho, mtsinje uli pansi, thanthwe lili pafupi moti ungalikhudze ndi dzanja. Sitima imayenda ngati ikuopa, matabwa akulira. Kumeneko ndiye ndinamva ngati ndalowa m'filimu.

Madzulo ndinaimbira bambo pa WhatsApp n'kuwaonetsa zithunzi za mlatho wachitsulo uja. Anayang'ana nthawi yaitali, magalasi ali pamphuno.

"Iwe, wasochera. Si umenewu."

"Ndi womwewu, bambo. Winawo unali wa m'filimu chabe."

"Ndiye mwati anauphulitsa ndani?"

Ndinati ndege. Anapukusa mutu, n'kupatsira foni amayi.