Mmene ndinasankhira nsalu ya pilokesi nkhope itandivuta ndi fungal acne

Tiziphuphu tanga tinayamba mu Okutobala, kutentha kuja kwa ku Mangochi koti munthu umagona thukuta lili kamukamu ngakhale mawindo onse ali pululu. Tinatuluka pachipumi, m'mbali mwa tsitsi umu, kenako pachifuwa ndi kumsana chakumtunda, ting'onoting'ono tofanana kukula ngati njere za mapira, ndipo kuyabwa kwake abale, makamaka ndikangotuluka thukuta. Ine ndinkangoti ndi ziphuphu wamba basi, nde ndinamwa maantibayotiki a doxycycline milungu ingapo, m'malo moti tichepe tinachita kuwirikiza. Mpaka ndinakaonana ndi dokotala wa khungu, iye atangoyang'ana anafunsa kuti kodi timayabwa, ndinati eya kwambiri, anakanda pang'ono n'kukayang'ana pa maikulosikopu ndipo anandiuza kuti iyi ndi Malassezia folliculitis, ija anthu pa intaneti amangoti fungal acne.

Malassezia ndi kafangasi ka mtundu wa yisiti kamene aliyense ali nako pakhungu, ndipo n'komwe kamathandiza kuyambitsa mfundu m'mutu. Vuto limabwera kakachulukana m'timabowo tomwe mumamera ubweya. Kameneka sikatha kudzipangira mafuta pakokha, kamadya mafuta opezeka pakhungu, ndipo kamasangalala pakakhala potentha ndi pachinyezi. Maantibayotiki aja amapha mabakiteriya okha, nde yisiti imatsala ndi malo onse, n'chifukwa chake zinanyanya. Anandiuza kuti ndizipaka shampu ya ketoconazole ya 2% pamalo onsewo, ndidikire mphindi 5 mpaka 10, kenako nditsuke. Patangopita milungu yochepa khungu linayamba kusalala, ine mtima unakhala pansi.

Koma tinabweranso. Ndipo chomwe chinandipangitsa kuganiza n'chakuti tinabwera kwambiri mbali ya kumanzere, patsaya chakumtunda ndi pafupi ndi khutu, mbali yomwe ndimagonera. Tsiku lina m'mawa ndinavula pilokesi ija n'kuiyang'anitsa padzuwa pakhonde. Pakati penipeni panali chigamba chachikasu, chozungulira ngati mbale, ndikagwira ndi chala pankaterera, ndikanunkhiza fungo la mafuta a kokonati omwe ndinkadzola m'mutu usiku uliwonse. Pilokesi imeneyi ndinkachapa pamodzi ndi mabedishiti, ndiye kuti kamodzi pa milungu iwiri, nthawi zina kupitirira. Ndiye taganizani, nkhope yomwe ndikuilimbanira ndi mankhwala masana ndinkaigoneka maola 7 kapena 8 pa mafuta ndi thukuta la masiku 14.

Apa ndinene poyera kuti pilokesi si mankhwala ayi, chomwe chimapha yisiti ndi ketoconazole uja kapena selenium sulfide kapena mapilitsi omwe adokotala angakulembereni ngati zafika povuta. Pilo simakupatsira matendawa chifukwa yisitiyo ili kale pakhungu pako. Chomwe pilo imachita n'kusunga chakudya chake, kutentha ndi chinyezi pafupi ndi nkhope usiku wonse. Ine nditamvetsa zimenezi mpamene ndinayamba kufufuza za nsalu mwa dongosolo.

Ndinayamba ndi yomwe ndinali nayoyo. Inali ya satini, yonyezimira, ndinaigula dala chifukwa aliyense amati satini ndi yabwino kutsitsi lathuli, silithothoka ndiponso siliuma. Zimenezo n'zoona ndithu kumbali ya tsitsi. Koma nditatembenuza kalebulo kamkati kanali kolembedwa kuti 100% polyester. Ine kale ndinkaganiza kuti satini ndi silika ndi chinthu chimodzi, pomwe satini ndi kalukidwe chabe ka ulusi kopangitsa nsalu kuterera ndi kunyezimira mbali imodzi, ulusi wakewo ukhoza kukhala silika, ukhoza kukhala poliyesita, ndipo zotchipa zambiri zomwe timagula ndi poliyesita. Poliyesita ndi pulasitiki tingoti, samwa thukuta, nde thukutalo limangokhala pakati pa tsaya ndi nsalu, komanso amagwira mafuta moti ngakhale uchape ndi sopo fungo limatsalirabe. Yomweyo ndinaichotsa pabedi.

Kenako ndinapita pa silika weniweni, poti pa intaneti ndi amene amamutamanda kwambiri. Achemwali anga amakhala ku Johannesburg ndiye ananditumizira imodzi ya mulberry silk, 22 momme, momme ndi muyezo wa kulemera kwa silika ndipo za pilo zambiri zimakhala 19 mpaka 25. Sindikunamizani, kugonapo n'kokoma, kozizira bwino, tsitsi limadzuka lili bwinobwino. Koma vuto ndinaliona tsiku lochapa. Silika safuna madzi otentha, safuna sopo wamphamvu, safuna Jik, safuna kufinyidwa kapena kuyanikidwa padzuwa lamphamvu, ndiye mafuta a m'mutu uwachotsa bwanji bwinobwino? Komanso inali imodzi yokha, ndipo ndi kudula kwakeko sungagule 7. Munthu wa vuto langali amafunika kusintha pafupipafupi, nde pilokesi imodzi yodula yomwe ukuiopa kuchapa sikuthandiza kwenikweni. Ndimaigwiritsabe ntchito mu Juni ndi Julaye kukazizira, usiku umodzi kapena iwiri basi.

Za bamboo ndinangowerenga malebulo m'shopu, zambiri ndi viscose yopangidwa kuchokera ku nsungwi, ndipo palinso lyocell yomwe imagulitsidwa ndi dzina la Tencel yochokera ku mitengo. N'zofewa, zimamwa thukuta bwino, koma malebulo omwe ndinaona ankati madzi asapitirire madigiri 30 kapena 40, ndipo kuno sizipezeka wambawamba. Linen, nsalu yochokera ku chomera chotchedwa flax, amauma msanga ndipo amapirira madzi otentha koma akakhala watsopano amakanda, pakhungu loyabwa kale sindinafune.

Ndiye ndinabwerera ku kotoni, thonje lathu lomweli. Chifukwa chake n'chimodzi chachikulu, kotoni ungamuchape ndi madzi otentha kwambiri, ungamuthire Jik ngati ndi woyera, ungamuyanike padzuwa la masana, ungamusite ndi simbi yotentha, iye ali phee. Anthu ena amati kotoni ndi woipa chifukwa amamwa mafuta ndi thukuta. Eya amamwadi, koma kwa ine kumwako n'kwabwino bola uchotsepo msanga, chifukwa zomwe wamwazo zachoka pakhungu ndipo zikachapidwa zimachokadi.

Poyamba ndinaganiza zongosoketsa za chitenje poti ndili nazo zambiri. Apa mpomwe ndinadabwa, zitenje zambiri zotchipa zomwe zili pamsika masiku ano si kotoni, ndi poliyesita kapena zosakaniza, ndipo lebulo palibe. Mayi anga ndi omwe anandikumbutsa njira yoyesera ndi moto. Umadula kachidutswa kakang'ono m'mphepete, kapena kusolola tiulusi tingapo, n'kuyatsa ndi machesi pa mbale yachitsulo panja. Kotoni amayaka msanga ngati pepala, fungo lake la pepala lopsa, ndipo amasiya phulusa lotuwa lofewa loti ukaligwira limangoyoyoka. Poliyesita amakhwinyata kuthawa moto, amasungunuka, utsi wakuda, fungo la pulasitiki, ndipo pamapeto pamatsala kampira kolimba koti sungakaphwanye ndi zala. Silika amanunkha ngati tsitsi lopsa ndipo kampira kake kamafumbutuka. Pa zitenje zanga 5 zomwe ndinayesa madzulo amenewo, 3 zinasungunuka. Ziwiri zinazo zinali kotoni koma zolimba ndi sitachi ndi utoto, ndipo pa nsalu yamaluwamaluwa chigamba cha mafuta sichioneka, nde ungamaganize kuti ndi yoyera pomwe yada. Ndinazisiya.

Chomwe ndinachita n'kupita pa kaunjika Loweruka m'mawa atangotsegula belo ya mabedishiti. Ndinkafuna oyera, opanda maluwa, okhala ndi lebulo ya 100% cotton, ndipo ndinkawakweza kudzuwa kuti ndione kalukidwe. Amene ndinkafuna ndi aja olukidwa wamba, ulusi umodzi pamwamba umodzi pansi, ena amalemba kuti percale, ukawagwira amakhala ngati owuma komanso ozizira ngati malaya oyera a yunifolomu. Aja onyezimira otchedwa sateen ngakhale ndi kotoni amakhala othithikana ndipo amatenthera. Za thread count, nambala ija yosonyeza kuchuluka kwa ulusi munsalu, musavutike nazo, ikachuluka kwambiri nsalu imathithikana mpweya sudutsa bwino. Ndinapeza awiri a bedi yaikulu, kunyumba ndinayesa ndi moto pa kona kuti nditsimikize, ndinawawiritsa kaye, kenako ndinapita nawo kwa atelala.

Kwa atelala ndinanyamula pilo yeniyeniyo kuti ayeze. Yanga ndi masentimita 45 kwa 70, ndinawauza kuti asoke zokhala ndi kathumba kopindira mkati, zopanda zipi, zopanda lesi kapena zokongoletsa, komanso msoko usadutse pakati pomwe tsaya limagona. Iwo anafunsa kuti mayi, mapilokesi 8 oyera okhaokha mukutsegula malo ogona alendo? Ndinawafotokozera za khungu langa ndipo anandiuza kuti mwana wawo wamkazi nayenso ali ndi tofananato kumsana, ndinawalangiza kuti akaonane ndi dokotala kaye asanayambe kumwa chilichonse.

Kasinthidwe kake ndimachita chonchi. Nyengo yotentha kuyambira Seputembala mpaka mvula itakhazikika, pilokesi imodzi usiku uwiri, lero mbali iyi mawa ndatembenuza, mkuja yapita mudengu. Tsiku lomwe ndadzola mafuta m'mutu kapena ndatuluka thukuta kwambiri imachoka m'mawa womwewo. Kukazizira imatha masiku 3 kapena 4.

Kachapidwe ndi komwe kali ndi ntchito. Ndimafuna madzi a madigiri 60 ndipo ndilibe mashini kapena choyezera, nde ndimawiritsa ketulo imodzi, kuthira mubeseni, n'kuonjeza ketulo imodzinso ya madzi apampopi, theka ndi theka amafika cha pamenepo. Ndimathira sopo wa ufa, kuviika mphindi 30 ndikuvundula ndi mthiko wakale poti manja sangalowe, akazizirako ndikuchapa makamaka pakati paja. Kutsukuluza katatu mpaka thovu litatheratu chifukwa sopo wotsalira naye amayabwitsa. Mankhwala ofewetsa zovala onunkhira aja ndinasiyiratu, amapangidwa kuchokera ku mafuta ndipo ntchito yake n'kukuta nsalu ndi kanthu koterera, komwe kamachititsanso kuti nsalu isamamwe bwino thukuta. Jik ndimathira mwa apo ndi apo ndikaona kuti zayamba chikasu. Kuyanika pachingwe padzuwa, osati paudzu kapena pamthunzi, kenako kusita mbali zonse ziwiri ndi simbi yotentha, magetsi akathima ya makala imagwira ntchito yomweyo. Kusitaku kumamaliza kuumitsa m'misoko, komanso kumapha mazira a ntchentche zija za mphutsi zomwe zimaikira pa zovala zoyanikidwa panja, ndiye sindidumpha.

Pilo yeniyeniyo nditaivula nayo inali ndi zigamba zachikasu zolowerera mkati, ndinaitaya n'kugula ina. Yatsopanoyi ndimaiveka mapilokesi awiri, yamkati imachapidwa sabata iliyonse, ndipo Loweruka lililonse pilo imakhala padzuwa tsiku lonse.

Tsono nkhani ya tsitsi, poti kotoni amaumitsadi tsitsi lathuli ndipo sindinafune kupulumutsa nkhope n'kuononga mutu. Satini ndinamusamutsira kumutu. Ndimagona nditavala boneti ya satini, tsitsi lili mkati, mafuta sakhudza pilo, nkhope ili pa kotoni. Koma boneti nayo ndi nsalu, mphepete mwake mumagona pachipumi penipeni pomwe tiziphuphu timakonda, nde ndili nazo 3 zomwe ndimasinthasintha ndipo ndimaikweza pang'ono isatsike pachipumi. Sindigonanso ndi tsitsi lonyowa. Mafuta nawo ndinasintha, chifukwa Malassezia imadya ma fatty acid (tizigawo tomwe timapanga mafuta) okhala ndi makaboni 11 mpaka 24, ndiye kuti mafuta a kokonati, a olivi, a nsatsi ndi shea butter onse ndi chakudya chake. Izi zinandiwawa chifukwa mafuta a nsatsi ndinakula nawo. Pano ndimawapaka kunsonga za tsitsi kokha, m'mawa osati usiku, ndipo kukhungu la m'mutu ndi m'mbali mwa chipumi ndimagwiritsa kamafuta kodzola kopepuka kotchedwa squalane kapena Vaseline pang'ono, zomwe yisitiyo sidya.

Shampu ya ketoconazole ndimapakabe kamodzi pa sabata monga anandiuzira adokotala, chifukwa vutoli limakonda kubwerera. Okutobala watha uyu tinatulukako tochepa pachifuwa sabata yomwe ndinali paulendo m'maminibasi, koma tsaya la kumanzere lija linakhala losalala. Chomwe chikundivutabe ndi nyengo ya mvula, Januwale ndi Febuluwale dzuwa limatha masiku osaoneka ndipo zochapa zimauma mwa chinyezi n'kuyamba kafungo, nde ndimaziyanika pakhonde usiku wonse kenako kusita kawiri mpaka nthunzi itasiya kutuluka. Ndagulanso bedishiti ina yoyera pa kaunjika, ili kwa atelala pano, andisokere 4 zoonjezera mvula isanafike pachimake.